Kapu Yoyamba ya Khofi wa Namakhwa

Mwamuna akakonda amapusa, koma kupusa kwa Medson Sakala kunali kwa mtundu wina. Munthu wa digiri yake ya uinjiniya, wa ntchito yabwino pa fakitale ya magalimoto ku Oshawa m'dziko la Canada, Loweruka lililonse ankalawirira pa sitima, kenako basi, mpaka ku Brampton. Akafika ankavala epuloni m'galaja ya munthu wina n'kumakazinga khofi mpaka manja kutuluka matuza. Malipiro kunalibe. Zikomo amene ankachita kusowa. Zonsezi chifukwa cha Zelipa.

Zelipayo ankaziona, ndipo zinkamudya mumtima. Koma akanatani? Galajayo inali ya a Tobias Namakhwa, mlongo wa malemu mayi ake. Ndiwo anamuitanitsa kuchoka ku Chiradzulu, kumupezera ntchito yosamalira okalamba, ndi kumupatsa kachipinda ka pansi pa nyumba yawo. Ndiwo anali eni mbumba. Pa nkhani ya ukwati wake, mawu omaliza anali awo.

Tsiku limene Medson anapita kukaonekera, atavala suti ndi taye, a Tobias anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Kwanu ku Chipata sindidziwa mumachita bwanji," anatero, "koma kwathu mkamwini sadziwika ndi taye. Amadziwika ndi khasu. Kuno kulibe munda. Munda wanga ndi galaja iyo."

Nthawi imeneyo a Tobias anali atagona pa chinthu chimodzi. Januwale wa 1995 zinkakwana zaka makumi asanu ndi atatu chichitikireni nkhondo ya Chilembwe, pamene anthu a ku Chiradzulu ananyamula mikondo atatopa ndi thangata, ntchito ija yaulere yolimira mzungu kuti akulole kukhala pamalo pake. Agogo awo a Tobias, a Yotamu Namakhwa, anali nawo m'gululo, ndipo sanabwereko. Tsono mdzukulu wawoyu anaitanitsa matumba a khofi wosakazinga kuchokera kumudzi, nasindikizitsa mapaketi akuda ojambulapo mkondo ndi dzina lakuti Namakhwa 1915.

"Tsiku lokhazikitsa khofiyu," anamulonjeza Medson, "mphwangayu adzatenga kapu yoyamba, adzagwadira mwamuna amene banja lamulandira, anthu onse akuona. Akatero, ankhoswe abwere."

Medson anangoti zikomo, navula taye.

* * *

Loweruka lina mu Disembala, chipale chofewa chitakwirira msewu wonse, Zelipa anamubweretsera tiyi ndi buledi m'galajamo. Utsi unali tolotolo. Anamupeza akupukusa mgolo wokazingira, maso ali psuu.

"Taonetsa manja."

"Palibe kanthu, Zeli."

"Ndati taonetsa." Anawagwira, nawatembenuza. Matuza akale anali ataphulika, atsopano akutumphuka pambali pake. "Mayo ine. Medson, ukundimvetsa chisoni."

"Osadandaula, nikali na mphamvu," anaseka. "Yatsala myezi ingati? Umodzi chabe. Olo akambe ati nikazinge na snow, nizakazinga."

Zelipa anaseka misozi ili m'maso. Ankamukonda munthuyu, kumukonda koti akamva fungo la khofi m'basi mtima unkayamba kuthamanga.

Panja panamveka hutala. Analowa Tony Kalitera, mwini kampani ya makompyuta ku Markham, amene anawagulira a Tobias mgolo wokazingirawo. Tony anali munthu woti akalowa m'nyumba, perefyumu amatsogola. Anatapa khofi pang'ono m'thireyi, nanunkhiza, nakwinya mphuno.

"A Zambia, uyu mwapsereza. Kapena kwanu mumakazinga mbewa zokha?" Anaponya makiyi patebulo. "Mukamaliza mundikolopereko snow pa windscreen, ndikucheza kaye ndi madala m'nyumbamu. Zelipa, ukunenepa bwino masiku ano."

Nsagwada za Medson zinalimba. Zelipa anamutsina pamkono.

"Pirira," anamunong'oneza. "Chonde, chifukwa cha ine."

Medson anatola makiyi aja. Zelipa anaima pazenera n'kumamuona akupala chipale pa galimoto ya mwamuna mnzake ndi manja a matuza. Mawu akuti pirira aja anali ake, ndipo anadzida nawo.

* * *

Lachitatu pochokera kuntchito Zelipa anapeza kanyali kofiira kakuphethira pa makina ojambula mauthenga a telefoni. Anadina.

"Zelipa, ni Bupe. Nifuna chabe nikufunse, mukazi munzanga. Uja mwamuna mwamusandutsa kaboyi, uziba ati ku Lusaka tenze kumupasa ulemu? Banja yako ikumudyera masuku pamutu, na iwe uli che zii. Ukalema naye unibwezere akali na zala zonse. Bye."

Bupe anali chibwenzi chakale cha Medson, wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Markham, wa galimoto yakeyake yofiira. Chibwenzicho chinatha kalekale, koma Bupe anali asanamve. Zelipa anaumvetseranso uthengawo, naimbira Medson ku Oshawa.

"Bupe wadziwa bwanji za manja ako?"

Medson anayankha: "Ananipasa lift pa Saturday. Basi inanisiya."

"Basi inakusiya, Bupe n'kungogwa kuchokera kumwamba?"

"Zeli, leka. Ine nifuna nikufunse vina. Bupe akamba ati pa Sunday Tony anabwera kwanu na amalume ake awiri. Ovala masuti."

"Ine ndinali kuntchito. A Tony amabwerera za bizinesi, ukudziwa."

"Bizinesi ya khofi ifuna amalume?"

Funsolo linamulasa Zelipa, chifukwa nayenso Lamulungu limenelo anapeza mbale za alendo zili mbwee m'sinki, ndipo atafunsa anauzidwa kuti anali a kutchalitchi. Koma anakankhira maganizowo kutali. Amalume ake anali ouma mtima, inde, koma anali mkulu wa mpingo. Sakananama pamaso pa anthu.

"Medson, tamvera. Kapu imene ija ndi yako. Pali mayi anga kumanda, sindidzagwadira mwamuna wina. Ukadzandiona nditagwadira wina, udzandilavulire."

"Walumbira, Zeli."

"Ndalumbira."

* * *

Chaka chitangoyamba, a Mathilda, akazi awo a Tobias, anatsika kuchipinda kwa Zelipa ndi tepi yopimira. Zinali zachilendo. Chifikireni Zelipa m'nyumbamo, mayiwa anali asanamupatsepo ngakhale kampango.

"Imirira ndikupime. Tikusoketsa yunifolomu ya banja ya tsiku lija."

Diresilo litabwera, Zelipa anagwira pakamwa. Nsalu yobiriwira, ya zipatso zofiira za khofi ndi timikondo tagolide m'mphepete. Linamukhala ngati anabadwa nalo.

"Anti, zikomo. Sindikudziwa ndinene chiyani."

"Usanene kanthu. Ungovala."

Anawakumbatira, akulira. Ankaganiza kuti tsopano amulandira ngati mwana wawo. Kalanga, mwana wamasiye sachedwa kukhulupirira akaona dzanja lotambasuka.

M'mawa wa tsiku la mwambo anadabwa kuona a Mathilda atavala suti yabuluu, a Tobias yakuda.

"Nanga yunifolomu?"

"Telala watigwiritsa mwala, wamaliza lako lokha," anayankha a Mathilda akuyang'ana m'chikwama. "Tiye, tichedwa."

* * *

Holo ya tchalitchi inadzaza masana amenewo. Amalawi a ku Brampton, Azambia a ku Markham, ena ochokera ku Oshawa, onse atapachika zikhoti pakhomo n'kumalonjerana m'zinenero zosakaniza. Kutsogolo mapaketi akuda aja anawasanja ngati njerwa. Pakati panali mpando umodzi wokutidwa ndi nsalu yoyera, wopanda munthu. Zelipa akauyang'ana mpandowo mtima unkadumpha.

Medson anali kukhitchini chifikireni m'mawa, akugaya khofi ndi kuwiritsa madzi. Bupe naye anali komweko, ati kuthandiza kutsuka makapu.

Zelipa anali akuyala timbale pamene phokoso la m'holo linasintha. Amayi anayamba kugundana zigongono. Wina anaimba kanthungululu kakafupi. Zelipa anatembenuka.

Tony anali pakhomo, akuvula chikhoti pang'onopang'ono kuti aliyense aone. M'kati anali atavala malaya obiriwira, a zipatso zofiira za khofi ndi timikondo tagolide m'mphepete.

Zelipa anayang'ana diresi lake. M'holo monsemo, ovala nsaluyo anali awiri okha. Ndipo panalibe Mmalawi kapena Mzambia m'menemo wofunika kumumasulira. Mwamuna ndi mkazi akavala nsalu imodzi pa mwambo, ndiye kuti nkhani inatha kale. Mkazi akalandira nsalu yogula mwamuna, walandira chikole.

"Anti," anatero Zelipa kwa a Mathilda, "nsaluyi anagula ndani?"

"Wavala kale. Ukufunsiranji?"

"Munati ndi ya banja!"

"Nanga Tony si wa banja kuyambira lero? Pukuta nkhopeyo, anthu akukuona."

Anathamangira kukhitchini, koma anakumana ndi Medson pakhomo atanyamula chiketulo chachikulu. Medson anaima. Maso ake anayenda pa diresilo, napita kwa Tony, nabwereranso.

"Nsalu yabwino," anatero motsitsa. "Yakukhala."

"Medson, sindimadziwa. Mulungu akuona, sindimadziwa."

"Anakupima uli mtulo?"

"Anandinamiza kuti ndi yunifolomu."

"Nenze kukuuzani, ba Medson," Bupe anaponya mawu ali kumbuyo kwake, akupukuta kapu. "Aba banthu banapangana kudala. Mukazi sangavale dress osaziba wamene wagula."

"Iwe khala chete!" anakalipa Zelipa.

"Zelipa!" Anali a Tobias pa maikolofoni. "Bwera kutsogolo kuno, tiyambe."

"Dikira uone," Zelipa anamugwira Medson pamkono. "Ndinalumbira. Ungodikira."

Medson anayang'ana dzanjalo mpaka Zelipa analichotsa yekha.

* * *

A Tobias ankadziwa kulankhula, zimenezo tisawamane. Anafotokoza za minda ya azungu, za zikoti za akapitawo, za amuna olima kuyambira mdima mpaka mdima osalandira kanthu. Anafotokoza za agogo awo a Yotamu, amene tsiku lina anaponya khasu pansi n'kunena kuti iwo si ng'ombe. Amayi ena anapukuta misozi. Ngakhale ana obadwira ku Canada, amene Chichewa amangochitola apa ndi apo, anatchera khutu.

"Khofi uyu," anakweza paketi, "ndi wa amuna okana. Amuna odziwa kunena kuti ayi."

Anthu anaomba m'manja. A Mathilda anathira khofi woyamba m'kapu yoyera ya mkombero wagolide, naiika m'manja mwa Zelipa pa kambale kake.

"Tsono pali nkhani ina yosangalatsa," anapitiriza a Tobias. "Mphwangayu wakula. Anabwera mnyamata wina kudzamufuna. Ine ndinati ndimuyese. Ndinamupatsa ntchito yaulere m'galaja mwanga, ndili ndi chiyembekezo choti tsiku lina aponya epuloni pansi ngati agogo anga. Abale anga, miyezi yonseyi! Kazinga khofi, inde bambo. Sesa galaja, inde bambo. Pala snow pa galimoto ya mnzako, inde bambo."

Kuseka kunayambira kumbuyo, kukufalikira.

"Ndiye mundiuze. Magazi a Yotamu Namakhwa, amene anafera kukana thangata, ndingawapereke kwa munthu wochita kukwera sitima kudzafuna thangata yekha?"

Holo inaphulika. Ena ankaseka akugwira m'mimba, ena ankaseka chifukwa anzawo akuseka. Azambia angapo anayang'ana pansi. Zelipa anaponya maso pa kazenera koperekera zakudya. Medson anali ataima pamenepo, epuloni ili pathupi, akumva dzina lake likudyedwa popanda kulitchula. Nkhope yake inalibe mkwiyo. Ikanakhala ndi mkwiyo bwenzi zili bwino. Kenako kazenerako kanatsekedwa.

Ndi iye Zelipa amene ankati pirira. Tsiku lililonse limene Medson ankafuna kuponya epuloniyo, ndi iye ankamutsina pamkono. Chikwapu chimene amalume ake ankamukwapula nacho munthuyo, anawapatsa ndi iye.

"Tony Kalitera, mwana wa kwathu, khala pampandopo."

Tony anakhala, natambasula miyendo, naika manja pamaondo. Nthungululu zinalira.

"Gwada, mwanawe," ananong'ona a Mathilda.

Zelipa anayenda. Kapu inkalira pa kambale, ngwe ngwe ngwe. Anafika pamaso pa Tony, Tony natambasula dzanja akumwetulira. Zelipa anamulambalala.

Nthungululu zinaduka pakati.

"Zelipa." A Tobias anaiwala kuti maikolofoni ili pakamwa, mawu anamveka holo yonse. "Ukadutsa mpando umenewo, kunyumba kwanga usapondeko. Katundu wako ukamupeza pa snow."

Zelipa anaima. Analibe m'bale wina m'dziko lonse la Canada. Analibe kogona kwina, ngakhale kwa usiku umodzi. Mantha anamugwira. Koma anakumbukira manja a matuza aja, napitirira.

* * *

Kukhitchini kunalibe munthu. Ketulo inkawira yokha. Epuloni inali pansi, pakati penipeni pa simenti, pomwe mwini wake anaiponya. Medson anali atanena ayi wake tsopano, koma ananena mochedwa, ndipo anamunenera Zelipa yemwe.

Chitseko chakumbuyo chinali pululu, mphepo ikulowa. Zelipa anatuluka momwemo, wopanda chikhoti, nsapato zazitali kuphazi, kapu ili m'manja. Kuzizira kunamumenya ngati khofi la kumaso. Galimoto yofiira ya Bupe inali ikulowera kuchipata.

"Medson! Medson, ndabwera nayo!"

Nyali zofiira zakumbuyo zinayaka. Galimoto inaima. Chitseko cha mbali ya Medson chinatseguka, mwendo umodzi n'kutuluka.

Mtima wa Zelipa unabwerera m'malo. Wandimva, anatero mumtima, waona kuti ndadza nayo. Anayamba kuthamanga, maso ali pa kapu kuti asataye ngakhale dontho, chifukwa khofiyo anali wa Medson, wokazinga yekha ndi manja ake. Sanaone madzi oundana amene anali pansi pa chipale. Nsapato inaterereka. Munthu wina akanataya kapu n'kudzitchinjiriza ndi manja. Zelipa anaikweza m'mwamba ndi manja onse awiri, nagwa ndi mawondo, khu!

Ululu unamulasa mpaka m'chiuno. Koma kapu inali bwinobwino. Khofi anangotayikira pang'ono pa kambale.

Perefyumu anafika poyamba. Tony anali atamutsatira, ndipo tsopano anazungulira naima kutsogolo kwake, pakati pa iye ndi galimoto ija, malaya obiriwira akupepeluka ndi mphepo. Anamuyang'ana Zelipa ali chogwada, mikono ili m'mwamba, kapu ili pa kambale.

"Ukanangonena kuti umachita manyazi ndi anthu," anatero mokoma.

"Ayi, a Tony, si yanu. Chonde!"

Zala zake zinali zitauma ndi chisanu, sizinathe kugwira. Tony anainyamula kapuyo ndi zala ziwiri, naikweza kuloza anthu amene anali atadzazana pakhomo ndi m'mazenera a holo, namwa.

Nthungululu zimene zinalira pamenepo zinamveka mpaka kumsewu. Amayi anavina pakhomo. A Tobias ankaomba m'manja pamwamba pa mutu, akufuula kuti mwana wa Namakhwa sangachititse manyazi banja.

Zelipa anasuzumira kumbali kwa miyendo ya Tony. Medson anali ataima pafupi ndi galimoto, dzanja lili pa chitseko. Kuchokera pamene anali, anaona zimene aliyense anaona: mkazi wovala nsalu imodzi ndi mwamuna, atamugwadira, mwamunayo akumwa kapu yoyamba.

Anafuna kufuula kuti wagwa, wangogwa chabe, koma nthungululu zinameza mawu ake. Medson anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaweramitsa mutu, nalavula pa chipale, monga momwe Zelipa mwini anamuuzira.

Chitseko chinatsekedwa. Bupe anatulutsa dzanja pawindo, nabayibitsa.

Tony anabweza kapu yopanda kanthu pa kambale kamene Zelipa anali akadagwirizira m'mwamba.

"Wapsereza ndithu mnyamata uja," anatero akupukuta pakamwa. "Dzuka, mkazi wanga, alendo akudikira."